Matumba a Chaka Chamawa

Mudzi wonse umawatcha Mayi Chaka Chamawa, ndipo iwo amavomera osakwinya nkhope. Dzinali linayamba ngati chipongwe cha pa mjigo. Lero ngakhale ana a sukulu amawapatsa moni ndi dzina lomweli, osadziwa kuti mwini wake analigula ndi misozi.

Ndi mayi wamfupi, wamikono yolimba, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Salankhula zambiri, koma akati ayi, ngakhale mutabwera ndi mpingo wonse kudzawanyengerera, mubwerera chimanjamanja. Amuna awo ndi mmisiri wokhoma zidebe, bambo wanthabwala amene amaswera pansi pa mtengo wa mango kugogoda malata n'kumacheza ndi aliyense wodutsa, ngakhale mbuzi. Munda wawo uli kuseri kwa nyumba, wotsetsereka kulowera ku khwawa. Dothi lake n'lofiira, ndipo linatopa kalekale mayiwa asanabadwe. Popanda feteleza chimanga chimangofika m'chiuno, n'kubereka tiana tonga chala.

Chaka chilichonse boma limathandiza alimi a m'deralo. Limalipira mbali yaikulu ya mtengo wa matumba awiri a feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa, mlimi n'kungowonjezerapo pang'ono pokatenga ku depoti. Ndi thandizo labwino, ndipo amene anganene kuti n'lachabe ndiye kuti sanagwirepo khasu. Koma thandizoli lili ndi matenda amodzi: silidziwa nthawi. Mvula imagwa, anthu amadzala, chimanga chimamera, amapalira, kenako n'kumangoyang'ana kumsewu. Lole ya feteleza imadzatulukira chimanga chitachita kale chikasu, ndipo akuluakulu obwera nayo amayembekezera kuti anthu awaombere m'manja. Anthu amaombadi, nanga atani.

Kunyumba kwa mayiwa, amene ankalipira kuchedwa kumeneku anali mwana. Ana awo akuluakulu anali atapita kale ku mabanja awo. Anatsala ndi wotsiriza, mtsikana wamaso aakulu, wokonda sukulu, amene aliyense ankangomuitana kuti Chitsiriza. Zokolola zinkatha mitambo ikamayamba kusonkhana, ndipo nkhokwe ikangoonetsa pansi, achemwali awo a mayiwa ankabwera kuchokera m'tauni kudzamutenga mwanayo. "Akapumeko kwathu," ankatero achemwaliwo. Kupuma kwake kunali kutsuka mbale, kuchapa matewera a zidzukulu ndi kugona pa mphasa m'khitchini. Ankabwerako nthawi yokolola, anzake atapita patali ndi maphunziro. Chikwama chake chabuluu, cha zipi yakufa, chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo mayiwa ankadana nacho ngati munthu.

Chaka chimene dzina lija linabadwa, lole inachedwa kuposa kale lonse. Chimanga chinali chitamasula kale ngayaye, chowonda, masamba a m'munsi atapsa. Ku depoti anthu anafola padzuwa, ndipo kuseri kwa mpanda mavenda anali tcheru. Ambiri ankangotuluka ndi thumba pa geti n'kuligulitsa pomwepo, poti feteleza wofika nthawi imeneyo ntchito yake n'njochepa. Mmodzi wa ogulawo anali mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, munthu wa pakamwa potsekemera amene chikwatirireni sanaonekepo m'munda.

"Alamu, musadzivutitse kunyamula," anatero mlamuyo. "Ingotulani apa, mubwerere opepuka."

"Ndabwera wopepuka, ndibwerera wolemedwa," anayankha mayiwa, n'kumanga matumbawo pa njinga ya amuna awo.

Anakankha njingayo mpaka kumunda. Anaima m'mizere nthawi yaitali, dzanja lili pa thumba, akuyang'ana chimanga chachikasucho. Mapeto ake ankawadziwa, chifukwa anali atawaona kambirimbiri. Akathira lero, chimanga chidzabiriwirako pang'ono, nkhokwe idzafika theka, mwana adzapita, ndipo chaka chamawa iwo adzaimanso pomwepo ndi matumba ena ochedwa. Anatembenuza njinga n'kulunjika kunyumba.

"Abambo, feteleza uyu sitithira," anatero atafika pansi pa mango.

Amuna awo anaimitsa hamala m'mwamba. "Ndiye titani naye? Tizithira mu tiyi?"

"Tisunga. Ndi wa chaka chamawa. Mvula yoyamba ikadzagwa, tidzakhala naye kale m'nyumba. Wa chaka chamawa akadzafika mochedwa, tidzasungira chaka chinacho. Tikapirira chaka chimodzi chokha, lole ija izichedwa mmene ingafunire, ife sizidzatikhudzanso."

Bamboyo anakanda m'mutu. Nzeruyo anaiona, koma anaonanso njala. "Amayi, wobereketsayu angathandizeko ndithu ngakhale pano. Tikapanda kuthira, tikolola za m'manja. Tidzadya chiyani?"

"Tidzachita maganyu. Tidzadya kamodzi."

"Nanga mwana?"

Mayiwa anatembenukira kwa mwanayo. Chitsiriza anali pakhonde akulemba za kusukulu, kope lili pa bondo, ndipo pensulo inali itaima.

"Apita komaliza," anatero mayiwa.

Matumba anawalowetsa kuchipinda n'kuwasanjika pakona, kumutu kwa bedi, wobereketsa pansi, wokulitsa pamwamba. Anawafunditsa nsalu yakale kuti maso a alendo asatope nawo.

Zokolola za chaka chimenecho zinali zomvetsa chisoni. Anzawo amene anathira mochedwa anapezako theka la nkhokwe, iwo sanafike ngakhale pamenepo. Achemwali aja anabwera kukadali chilimwe, nthawi yawo isanakwane, mayeso a sukulu ali pafupi. Chitsiriza anatsitsa yekha chikwama pa msomali. Anapinda timadiresi take osalira, osayang'ana munthu. Atafika pakhomo la kuchipinda anaima n'kuyang'ana pakona paja.

"Matumba agona kuchipinda, atafunda," anatero motsitsa mawu. "Ine ndikagona m'khitchini mwa eni."

"Mwanawe, ndikuchitira iwe."

"Mukanandifunsa kaye, amayi."

Mawu amenewo anawalasa mayiwa pamtima, ndipo sanachokepo. Anamuperekeza mpaka pa siteji, koma mwanayo atakwera basi sanatulutse dzanja pa windo. Pobwerera analira njira yonse, n'kupukuta nkhope atayandikira mjigo kuti akazi anzawo asaone.

Pa mjigopo ndiye panali moto. Nkhani ya matumba inali itafika kale, ndipo woitsogolera anali neba wawo, mayi amene anthu amamutcha Wailesi chifukwa akayamba kulankhula palibe pozimitsira. "Mwadya kale, anzathu?" ankafunsa Wailesi mokweza. "Kapena inu mudya chaka chamawa?" Akazi ankaseka chikhakhali. Wina akabwereka mchere ankati adzabweza chaka chamawa, mwana akakana kusamba ankati asamba chaka chamawa. Mayiwa ankangopopa madzi awo, kusenza chidebe n'kumapita, ndipo dzina linawakakamira basi.

Miyezi imeneyo inali yowawa. Mayiwa ankalima m'minda ya eni kuti apatsidwe kambale ka ufa, ndipo moto kunyumba kwawo unkayaka kamodzi, dzuwa litapendeka. Zidebe sizinkayenda malonda, poti munthu wanjala chidebe chikabooka amangomata ndi phula. Mlamu uja anayamba kubwera pafupipafupi, kukhala pansi pa mango n'kumanong'oneza mkulu wake. Tsiku lina mayiwa pochokera ku ganyu anapeza njinga ya mlamuyo itatsamira khoma, amuna awiriwo ali kuchipinda, nsalu ija itavundukulidwa.

"Thumba limodzi lokha, amayi," anatero amuna awo, maso ali pansi. "Tigule ufa, mwana abwere."

Mayiwa sanakuwe. Anadutsa pakati pawo n'kukhala pamwamba pa matumbawo, dothi la kumunda likadali m'miyendo. "Akabwera lero, adzapitanso chaka chamawa, ndi chinacho, mpaka adzakwatiwe kukhitchini komweko. Alamu, ngati mukunyamula, nyamulani ndi ine ndemwe. Tione ngati mavenda anu agula."

Mlamu anatuluka akuseka chiseko chamanyazi. Amuna awo anatola nsalu ija n'kuibwezera okha. "Inu ndiye agule ndani," anatero, "kuuma mutu konseku."

Mayiwa anamugonjetsa mlamu, njala anaipirira, akuba sanabwere. Chimene chinawalowa pansi mayiwa ndi ukhondo wawo womwe. Nyumba yawo ndi yozira, yopanda simenti, ndipo iwo ndi munthu woti akaona mng'alu pansi sapeza tulo. Sabata ndi sabata ankazira ndi dothi lonyowa, ndipo pakona ya matumba ndi pamene ankazira mosamala koposa, kuzungulira bwinobwino mpaka m'mphepete mwenimweni, kuti chiswe ndi makoswe asapeze polowera. Ankachita ngati akusamalira mlendo wolemekezeka. Panalibe wowatsina khutu kuti feteleza amamwa chinyezi ngati mchere.

Mitambo itayamba kusonkhana, mizere ataunga kale, anati atulutse matumba awaone. Lapamwamba linatsika bwinobwino, muli timibulu tochepa chabe. Lapansi linakana kupindika. Amuna awo atalikoka linangobwera lonse ngati chitsa. Anatenga hamala n'kugogoda, ndipo linalira ngati mwala. Kunsi kwake kunali konyowa, ndipo pamene linakhala panali banga loyera. Feteleza wina anali atasungunuka n'kulowa m'dothi, wotsalayo atagwirana kuti gwa.

Mayiwa anakhala pa bedi, manja ali lende. Anaganiza za mwana wawo ali pa mphasa m'khitchini mwa eni, za chaka cha sukulu chimene chinatayika, za mawu aja a pakhomo. Njala yonse ija sanachite mantha, koma tsiku limenelo anachita. Anaopa kuti mwana wawo amusinthanitsa ndi mwala.

Amuna awo anaika hamala pansi. Anakwera njinga kukafunsa mlangizi wa zaulimi, n'kubwerako thukuta lili kamukamu.

"Akuti mphamvu ikadalimo, ngakhale ina yapita. Akuti tiswe, tisinje. Akutinso feteleza sagona pansi, amagona pa thandala."

"Bwanji sananene kalekale?"

"Akuti sanaonepo munthu wosunga mpaka chaka. Onse amathira kapena kugulitsa tsiku lomwelo."

Mayiwa anadzuka n'kumanga nsalu m'chiuno. Kuseri kwa khitchini kunali mtondo wakale wong'aluka umene nkhuku inkaikiramo mazira. Anasamutsa nkhukuyo ikudandaula, n'kugubuduza mtondowo mpaka pabwalo.

Bambo ankaswa mwala uja ndi hamala pa lata, mayi ankasinja zidutswa mu mtondo n'kumasefa. Fumbi lake linkawawa m'maso, ndipo m'ming'alu ya m'manja linkaluma ngati tsabola. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, iwo osaleka. Mitambo inkangodera kum'mawa ngati ikuwafulumiza. Kugunda kwa musi kunamveka mudzi wonse, ndipo nyengo imeneyo, pomwe m'nyumba zambiri munalibe chosinja, phokoso la mtondo linali ngati belu. Wailesi anafika woyamba, kambale atabisa kumbuyo.

"Anzathu, kani munabisa chimanga eti? Tigawireniko, ngakhale madeya omwe."

Anasuzumira mu mtondo n'kukhala kukamwa yasa. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi, akudzimenya pantchafu. Koma ataona magazi pa musi, kuseka kunatha. Anaika kambale pambali n'kuimirira.

"Tapatsani kuno, mwasinja mokwana. Koma mukadzakolola musadzandiiwale, paja ine ndine wa chaka chino."

Mvula inagwa feteleza ali kale m'zidebe, ndipo zidebe kunyumbako ndiye sizisowa. Anadzala ndi mvula yoyamba, n'kuthira wokulitsa pa phando lililonse ndi kachitsekero ka botolo. Chimanga chitafika m'mawondo anathira wobereketsa uja wosinja. Mudzi wonse unali ukuyang'ana kumsewu, iwo akuwerama m'mizere. Wobereketsayo sanakwane, chifukwa cha uja amene analowa m'dothi la kuchipinda, ndipo mizere ya kumunsi, cha ku khwawa, inatsala osalawa. Munda unakhala wa mitundu iwiri. Kumtunda chimanga chinabiriwira mpaka kuda, chotalika kuposa munthu, kumunsi chinali chachikasu ngati cha anthu onse. Odutsa ankaima n'kumaloza, ndipo pa mjigo nthabwala ija inayamba kuchepa mchere.

Lole inachedwanso monga mwa masiku onse. Mayiwa anakafola nawo, anaomba nawo m'manja, n'kubwera ndi matumba awo awiri. Mlamu atawaona pa geti anangoyang'ana kumbali. Kunyumba anapeza amuna awo atakhoma thandala la matabwa, lokwera kufika m'bondo, kunsi atayala lata, ndiponso atalitalikitsa ndi khoma. Analikhoma bwino kuposa bedi lawo lomwe.

Chitsiriza anabwera nthawi yokolola, atatalika, atachepetsa mawu. Anathandiza kukolola, anaona nkhokwe ikudzaza mpaka bambo ake kuluka ina yaing'ono. Kusukulu anabwereza kalasi, kukhala ndi ana amene kale anali kumbuyo kwake. Ankalankhula ndi mayi ake mwaulemu ngati mlendo, inde amayi, ayi amayi, basi. Zimenezi zinkawapweteka mayiwa kuposa matuza aja, koma sanamukakamize. Ankadziwa kuti nthawi yokolola aliyense amaoneka wolemera, ndipo mwanayo ankadikira kuona nyengo ija imene iye amanyamula chikwama.

Nyengoyo inafika. Mitambo itayambanso kusonkhana, achemwali aja anatulukira monga mwa chizolowezi, buledi ali m'manja. Asanakhale n'komwe pansi, Chitsiriza analowa m'nyumba. Mayiwa anamva chitseko chikulira, ndipo atalowa anamupeza atatsitsa kale chikwama, akupinda diresi.

"Ukutani?"

"Mayi aakulu abwera."

"Abwera kudzacheza. Siya zimenezo."

Mwanayo anawayang'ana osakhulupirira. Mayiwa anamugwira dzanja n'kutuluka naye, achemwali akutsatira m'mbuyo ndi buledi wawo, mpaka ku nkhokwe yaikulu.

"Kwera uone."

Chitsiriza anakwera makwerero n'kusuzumira. Anapisa dzanja, ndipo silinapite patali.

"Achemwali," anatero mayiwa, "mwatithandiza zaka zonsezi, ndipo sindiiwala. Koma mbale zanu mupeze wina wotsuka. Uyu ali ndi mayeso."

Achemwali anang'ung'udza za kutalika kwa ulendo ndi kuwawa kwa msana, n'kupita kukakhala pansi pa mango, kumene alamu awo, bambo a Chitsiriza, anali atayamba kale kuwagulitsa chidebe. Chitsiriza anatsika pang'onopang'ono.

"Chaka chino sindipita," anatero. "Nanga chaka chamawa?"

Mayiwa anamutengera kuchipinda n'kuvundukula nsalu. Matumba awiri anali pa thandala, akudikira mvula. Anamenya limodzi ndi chikhatho, ndipo feteleza anayenda m'kati mwake, wouma ngati mchenga.

"Chaka chamawa ndi ichi," anatero.

Mtsikanayo anayang'ana matumbawo. Nkhani ya mwala ndi mtondo anali ataimva kalekale kwa Wailesi, monga aliyense, koma anali asanaifunsepo. Anatenga dzanja la mayi ake n'kulitembenuza, kuyang'ana zipsera za m'chikhatho. Kenako anagwada, n'kupisa dzanja lake kunsi kwa thandala, kupapasa pansi.

"Amayi, mwaziranso pafupi," anatero. "Kuyambira lero pakona pano ndizisamala ndine. Inu mudzatipangiranso mwala."

Mayiwa anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatsogola. Anakhala pa bedi n'kumangoyang'ana mwana wawo akutulutsa madiresi m'chikwama, imodzi imodzi, n'kuwapachika pa chingwe. Chikwamacho sichinabwererenso pa msomali. Lero chili pansi pa mango, ndipo bambo amasungiramo misomali ndi tizidutswa ta malata.